Shilingi ya Fombe

Mwana wanga Andireya,

Ndikukulembera masana ano nditakhala pansi pa bwemba, anthu onse atathawira m'mithunzi, ngakhale nkhuku zitayasamula milomo ndi kutentha. Usadabwe kuona zilembo zikuluzikulu ngati za mwana woyamba sukulu. Ng'ala yandilowa m'maso onse awiri, ndipo dzuwa likangopendeka sindionanso chimene dzanja likuchita. Mawa ukukwera sitima kupita ku Blantyre kukakhala kalaliki. Amayi ako akumangira milamba yowamba yoti ingadyetse sitima yonse, ndipo ukayerekeza kuikana uona nkhondo. Ine ndilibe chokumangira koma kalata iyi ndi chingwe chimene ndakulungamo. Usawerenge pakhomo pano. Ukawerenge sitima ikadutsa Chiromo, ikayamba kukwera mapiri.

Ulendo sindikuletsa ayi, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wandiuza kuti kumeneko malipiro ako azikakusungira kubanki, kuti ukakhala ndi kabuku kong'ambamo timapepala tolipirira anthu, ndipo mwezi ukatha abanki azikakutumizira pepala lonena zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Unandifotokozera pang'onopang'ono, mokweza mawu, monga mumachitira anyamata polankhula ndi nkhalamba. Ndinangoti inde, inde. Komatu zimenezo ndakhala ndikuchita ndi a Chindevu, Mmwenye wa sitolo ya padoko pano pa Nsanje, kuyambira iwe usanamere mano. Ndalama zanga za nsomba amasunga ndi iwo. Ndikalembera munthu kachiti, kapepala kolipirira, amakalandira kwa iwo. Mwezi ukatha pepala limabwera. Tsopano poti sindithanso kuliwerenga, ndawapempha kuti aziliika pa sitima lizikupeza iweyo.

Nkhani yagona pamenepa. Malonda ndasiya, ndipo ndalama zimene zatsala kwa a Chindevu sindizikhudzanso. Komabe pa pepala langalo padzakhala pakuchoka shilingi imodzi mwezi uliwonse. Ndimakudziwa, Andireya, ndiwe mwana uja unabwerera kumsika pa dzuwa la chiswamphika kukalondola kobiri limodzi. Udzafuna kulemba kalata yaukali, kapena kusamutsira ndalamazo kubanki kwako kuti zisungike bwino. Usatero. Pa shilingi imeneyo pali moyo wa munthu, ndipo ndikuuza mmene ndinadziwira. Koma ndiyamba ndi zing'onozing'ono, poti nazonso zidzakuthandiza.

Nditayamba kusungitsa ndalama, pepala la mwezi ndinkalilemekeza kwambiri moti sindinkalitsegula. Likabwera ndinkalisomeka kudenga, m'udzu, ndi kunena kuti munthu wa ndevu zoyera ngati uja sangandinamize. Chiwerengero changa ndinali nacho pa chingwe, monga ankachitira agogo ako: ndikaika shilingi ndimanga mfundo, ndikatapa ndimasula. Koma kuyala chingwe pambali pa pepala sindinkachita. Chaka china pokakonza denga ndinapeza chiswe chitadya mapepala onse, kutsala tizidutswa ngati mamba. Nditapita kusitolo anandiuza ndalama yochepera ndi mfundo zanga. Tinapeza kuti wolemba wawo anandilembera nsalu imene anatenga munthu wina wa dzina ngati langa, koma panali patapita nthawi, mwini nsaluyo anali atawolokera kwa Apwitikizi, ndipo ine ndinalibe pepala logwira m'manja. A Chindevu sanabe, koma ndalama inapita. Iwe pepala likabwera ulitsegule tsiku lomwelo, usanavule nsapato, ndipo uliyale pambali pa chiwerengero chako, mzere ndi mzere.

Nditapsa choncho ndinayamba kuwerenga, ndiye ndinagwa m'dzenje lina. Mwezi wina pepala linaonetsa ndalama zambiri kuposa chingwe. Sindinafunse. Ndinati Mulungu wandikumbukira, ndipo ndinakagula jekete lakuda, laubweya, kuno kuchigwa kumene ngakhale malaya amakulemera. Ndinalivala Lamulungu, thukuta lili chuchuchu, amayi ako akuyang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinali nditaiwala kuti mfundo zina ndinazimasula nditalembera kachiti mmisiri wa kwa Maseya amene anatisemera bwato, ndipo iye anakasunga kudenga la nyumba yake (ankati ndalama ya pepala sithawa) mpaka tsiku limene anafuna kulipira msonkho. Atafika kusitolo anapeza ndalama yake nditaivala pathupi. Manyazi a tsiku limenelo ndimawamvabe. Choncho ukalembera munthu kapepala, ndalama imeneyo uichotse m'chiwerengero chako nthawi yomweyo, ngakhale abanki asanaione. Ndalama yolonjeza si yakonso. Pepala likakuonetsa zochuluka usathamangire kusitolo, uyambe wafunsa kuti ndani sanabwere kudzatenga zake.

Tsopano ndifike pa bambo ako aang'ono, Fombe, mng'ono wanga wobadwa naye bere limodzi. Iwe ukuwadziwa ndi manda okha, aja ali pafupi ndi njira yopita kudimba, amene unkathandiza amayi ako kulambula. Fombe ndi ine tinali ndi bwato limodzi, ukonde umodzi, ndipo kwa a Chindevu dzina lake ndi langa zinalembedwa pamodzi, kuti aliyense wa ife azitha kutapa. Iye kulemba kunamukanika, ankangodinda chala. Anali wamanzere, wanthabwala, wokonda kuimba popalasa mpaka mvuu kumutembenukira. Nkhondo ya Jeremani itabuka, anamugwira ndi anzake kukakhala mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali. Anasiya mkazi wake Malita asanakhale ndi mwana.

Nkhondo isanathe kunabwera munthu wa m'mudzi woyandikana nafe, atatsala mafupa okha, nati anaona Fombe akugwa, chipolopolo chitamulowa kumaso, ndipo ena onse anathawa. Akuluakulu ena anati tidikire. Ine ndinakana. Ndinali wamkulu pabanja, kulira kwa amayi athu kunanditopetsa, ndipo ndinkafuna nkhaniyo ithe. Tinadula thunthu la nthochi, kulikulunga munsalu yoyera ndi mphasa, ndi kuliika m'manda m'malo mwa mtembo, monga timachitira munthu akadyedwa ndi ng'ona. Mlaliki anapemphera, tinazika mtanda, tinameta, nyumba yake tinagwetsa. Malita tinamumasula, ndipo anakwatiwa ndi mnyamata wabwino wosoka maukonde m'mudzi mommuno. Ndinatseka nkhani ya mbale wanga pa mawu a munthu mmodzi. Usadzatseke chiwerengero chilichonse, Andireya, pa mawu a munthu mmodzi, makamaka ngati mawuwo akukupeputsira katundu.

Zaka zotsatirazo nsomba zinandikonda. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina madzi okha. Ndinagula ukonde wachiwiri, ndinafolera nyumba bwino, ndipo anthu anayamba kusiya nkhani ndikamayandikira. Kenaka mkazi wa a Semba, anansi athu, anapita kukatunga madzi masana, nabwera akukuwa, mtsuko atautaya. Anati waona Fombe ataima m'bango, madzi akulekeza m'mawondo, nkhope ili theka, akuyesa kulankhula koma mawu osatuluka. Anadwala mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo liwu limene linkanong'onedwa linali loti ndondocha: kuti ine ndinapha mbale wanga m'matsenga, ndinamudula lilime, ndipo ndi iye amandikokera nsomba muukonde. Pamaso panga palibe ananena. Ndinkangoona amayi akukoka ana awo ndikamadutsa.

Mwezi womwewo pepala linabwera, ndinaliyala pambali pa chingwe, ndipo panasowa shilingi. Ndinawerenga kuchokera kumwamba, ndinawerenga kuchokera pansi, ndinapapasa mfundo mpaka zala kuwawa. Ndipo ndinauona mzere wake, wolembedwa bwinobwino pakati pa mchere ndi ulusi: Fombe, shilingi imodzi. 

Ndinapita kusitolo. A Chindevu anali akuyeza mikanda, ndipo sanadabwe kundiona.

"Bwana, mwalemba dzina la munthu wakufa," ndinatero.

"Ine maliro sindinaone," anayankha. "Munthu wabwera ndi chala chake, ndamupatsa ndalama yake. Amadzera khomo lakuseri, masana, msewu ukakhala zii. Agula mchere ndi machesi, apita."

Anatembenuza buku kundionetsa. Fombe ali mwana mbedza inamung'amba chala chachikulu cha kumanzere, ndipo chikadinda pankatsala kanjira koyera pakati. Kanjira kameneko kanali pamenepo, inki yake yatsopano. Ndinali nditakwirira nthochi ndi manja angawa, ndinkadziwa kuti mtembo sitinauone, koma mantha sanandilole kuganiza za munthu wamoyo. Ndinaganiza za mzimu wokwiya umene wabwera kudzatenga gawo lake. Ndinati, "Akabweranso musampatse kanthu." A Chindevu anati, "Ndalama ndi zanu, mawu ndi anu."

Mapepala otsatira anagwirizana ndi chingwe, kobiri ndi kobiri, ndipo ine chitsiru ndinakondwa. Ndinati mzimu wagona. Ndiye tsiku lina ndikuchokera kudimba dzuwa lili paliwombo, ndinaona kanthu katapachikidwa pa mtanda wa Fombe. Kanali kachingwe kopota ndi gumbwa, kakadali konyowa, kali ndi mfundo imodzi yokha. Mfundo ya wamanzere imagona chammbuyo, ndipo ndinakula ndikumuseka Fombe chifukwa cha mfundo zotero. Pansi panali mapazi a munthu wopanda nsapato, olowera kumtsinje. Ndinaima pamenepo, nyenje zikulira, mudzi wonse uli mtulo ta masana. Chimene chinandibwezera nzeru ndi mapaziwo. Anali ozama mumchenga, ndipo kumanja munthuyo ankatsimphina. Ndinadzifunsa kuti kodi mzimu umatsimphina?

Sindinalowe m'nyumba. Ndinakankha bwato ndekha kulowa m'dambo la Ndindi, kutsata tinjira ta mvuu, kumene bango limatseka kumwamba ndipo mphepo sifika. Kunalibe mbalame yolira. Mponda wokankhira bwato unkatuluka m'matope ndi fungo la zovunda, ndipo nthawi zonse ndinkamva ngati wina akundiyang'ana kumsana. Patali ndinaona kautsi kowonda. Ndinaimitsa bwato, ndipo ndinaitana dzina lake.

Mawu anatuluka m'bango, pafupi kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira, olemera ngati a munthu amene wavumata madzi.

"Musaitane dzina limenelo, akulu. Munalikwirira."

Bango linapatuka. Andireya, sindikufuna udzadzidzimuke ngati ine, choncho ndikuuza: chibwano chake cha mbali imodzi kunalibe, khungu linangopola molowa mkati, ndipo lilime linali lopunduka. Nthiti zinali zowerengeka. Ndinati andipatse dzanja. Linali lofunda. Ndinapapasa chala chija, ndipo ndinalira ngati mwana, iye ali chiimire kundidikira kuti ndimalize.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ine ndikutola mawu amodziamodzi. Anamutola amishoni a kutali, anapola, anayenda wapansi mpaka kuno. Njira yolowera m'mudzi imadzera kumanda, ndiye choyamba kuona chinali mtanda, ndipo dzina lake lokha ankatha kulizindikira. Anabisala. Anaona pamene panali nyumba yake patamera mapira. Anaona Malita akupeta, khanda lili kumbuyo, akuseka. Kenaka anakumana ndi mkazi wa a Semba, ndipo ali m'bango anamva asodzi akukamba zimene anthu ankanena za ine.

"Tiye kumudzi," ndinatero. "Ndikaitana anthu onse, akakugwire dzanja monga ndachitira ine."

"Nkhabe, akulu," anakana. "Tayang'anani pakamwa pangapa. Ndani akakhulupirire kuti n'chipolopolo? Akati mwanditulutsa m'nkhokwe momwe munkandibisa. Akakutentherani nyumba, ana ali momwemo. Nanga Malita akakhala mkazi wa yani? Mwana wake uja akaitana yani bambo?"

Ndinachonderera mpaka dzuwa kupendeka. Anangopukusa mutu. Anandionetsa chakudya chake, nyika zokumba m'matope ndi tinsomba topanda mchere, poti kuyambira tsiku limene ndinatseka shilingi analibe mchere, ndipo moto ankausunga usana ndi usiku kuopa kuti ukazima alibe machesi. Sanandidzudzule. Kukanakhala bwino akanandimenya ndi nkhafi.

"Musabwerenso kuno, anthu akutsatani," anatero. "Ndisamukira mkati. Inu ingotsegulani shilingi ija. Mukaona pa pepala kuti yachoka, dziwani kuti mwezi umenewo ndadzuka. Takhuta, akulu, zikomo."

Bango linatsekeka, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinamuonenso ndi maso. Ndinapita kwa a Chindevu m'mawa mwake. Anatsegulanso shilingi ija, ndipo mpaka lero sanauze munthu. Amayi ako ndinawauza. Iwo ndi amene amasiya kansalu kapena kaufa ka mapira kusitolo, amati n'za munthu wodzera kuseri. Mphekesera za ndondocha zinazilala pang'onopang'ono nsomba zitayamba kundithawa ngati wina aliyense. Ana a Malita akula, wamkulu ndi mnzako uja unkawedza naye. Ukukumbuka uli wamng'ono unandifunsa za kautsi kamene kamaoneka pakati pa dambo nyengo ya chilimwe, ine n'kukuuza kuti ndi asodzi a kutsidya? Aja ndi bambo ako aang'ono akuwamba nsomba.

Ndiye ukamayala pepala la kubanki pambali pa chiwerengero chako, n'kupeza kuti sizikugwirizana, usayambe ndi mkwiyo ndipo usayambe ndi mantha. Ine ndinayesa zonse ziwiri. Pamene pasiyana pali munthu, kaya wolemba amene anasinza, kaya mmisiri wosunga kapepala, kaya iwe mwini amene unaiwala. Nyamuka ukamuone ndi maso. Zina zonse ukudziwa kale: kumapiri kumazizira, ugule bulangeti usanagule chipewa. Mowa wa ngongole usamwe. Mnzako akakupempha kuti umulembere kapepala kopanda ndalama yake, akuti adzadzaza yekha, umuuze kuti bambo ako ndi munthu wovuta. Kutchalitchi uzipita ngakhale nyimbo zawo zikhale zothamanga.

Chingwe chimene wachipeza m'kalatamu ndi changa chija. Mfundo iliyonse ndi shilingi imene yatsala kwa a Chindevu, ndaziwerenga ndi zala m'mawa uno. Pepala likakupeza, ulitsegule tsiku lomwelo, uwerenge mfundo, ndipo upeza pepala lachepa ndi imodzi. Ukatero umasule mfundo imodzi, ndi kundilembera liwu limodzi lokha, loti yachoka, m'zilembo zazikulu kuti ndithe kuliona ndekha. Aliyense wondiwerengera asadziwe chimene likunena. Mfundozo zatsala zochepa kuposa mmene ndikanafunira. Zikayandikira kutha ine ndilipo kapena kulibe, uwonjezere za m'thumba mwako. Sindinakupemphepo kanthu chibadwire, ichi ndikukupempha.

Usauze mnzako, usauze mkazi amene udzamukonde mpaka atakhala wako ndithu, ndipo ana a Malita asamve. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsa katundu pa tsiku limene unayenera kupita wopepuka. Ndikhululukire. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo munthu amene sangalole kuti pepala ligone losatsegula ndi iwe wekha.

Mwezi wathawu a Chindevu anandinong'oneza kuti chala chija chayamba kunjenjemera podinda, ndipo mwini wake amapuma kawiri asanakwere khonde. Choncho mvera bwino. Udzafika mwezi umene udzayale pepala pambali pa chingwe, n'kupeza kuti zagwirizana, kobiri ndi kobiri, palibe mfundo yomasula. Anzako a muofesi amati tsiku lotero ndi labwino. Iwe usandilembere kalata. Upemphe tchuthi, ugule nsalu yoyera, ukwere sitima yoyamba kutsika. Tidzalowa m'dambo awiriwiri masana, anthu ali mtulo, iwe ukupalasa poti maso ndi ako, ine ndikukuuza njira. Manda ake alipo kale, ndipo nthochi ija inavunda kalekale, malo alimo.

Uyende ndi Mulungu, mwana wanga, ndipo milamba ija ugawireko anzako a m'sitima.

Ndine bambo ako,
Alufandika